Kamera Yachinayi

Makamera anabwera anayi m'katoni, atakulungidwa m'majuzi akale. Anawatumiza ndi Marisela, mwana wa Abundio Villarreal, amene ankagwira ntchito ku Laredo ndipo ankakhulupirira kuti vuto lililonse la bambo ake lingathe ndi chinthu cholowa mabatire. Pakapepala analemba kuti: "Kuti musamalawirire kukazizidwa kutchire, bambo. Tondeyo azidzijambulitsa yekha."

Tonde ankanenedwayo anali Mocho, mbawala yamphongo ya zaka zisanu ndi ziwiri, khutu lamanzere loduka nsonga, nyanga za mphanda khumi ndi ziwiri zotambalala kuposa mapewa a munthu. Abundio anali atamulera ndi maso kwa zaka zinayi. Kangapo konse anamuloza ndi mfuti ali pa nsanja, chala chikuyabwa, koma n'kumusiya kuti akule. Ndipo sankamulera yekha. Kuseri kwa mpanda wa waya waminga kunali famu ya Nicanor Elizondo, kompadre wake, monga ankaitanirana poti ndiye ananyamula Marisela pa ubatizo. Awiriwa anali ndi pangano losalemba la zaka makumi atatu: tonde wamkulu akaoneka amakhala wa mmodzi, winayo n'kumamusunga ngakhale atamupeza akumwa madzi kwake. Nicanor anali atalandira kale wake, nyanga zake zili pakhoma. Mocho anali wa Abundio, ndipo chaka chake chinali chomwechi.

Chimwalirire mkazi wake, Nicanor ankabwera Lamulungu lililonse kudzamwa khofi. Ankadzera pa kachipata ka pakati pa mafamu awiriwo, kamene chiyambire kankangokoledwa ndi kawaya. Lamulungu limenelo anapeza makamera ali ndandanda patebulo, pakati pa mbale ya mazira osakaniza ndi nyama yofutsa ndi mulu wa matotiya, mikate yopyapyala ya chimanga yophika Herlinda, mkazi wa Abundio.

"Ndiye zidole zija ndi zimenezi, kompadre?"

"Zidole zanji? Awa ndi maso. Ine ndili m'bulangete, iwo ali pantchito."

Nicanor anatola imodzi, kuitembenuza, kenako n'kuinunkhiza ngati vwende la pamsika. "Ikununkha katoni ndi sopo wa ku Laredo. Muziike panja sabata imodzi zimenyedwe ndi mphepo. Pomanga, mangani m'mwamba, ndipo osati pa mtengo umene Mocho amapalasa pansi pake. Mukatero musapondeko milungu itatu. Tonde wokalamba sakonda alendo."

"Milungu itatu? Ndiye phindu lake n'chiyani?"

"Famu ndi yanu, inu ndi amene mukudziwa."

"Mukutaya malovu, kompadre," anatero Herlinda akuthira khofi. "Mdala uyu amavundukula poto kasanu nyemba zisanayambe n'kuwira komwe."

Anaseka onse atatu. Koma Abundio anali munthu woti ukamuuza kuti dikira amamva ngati wamutukwana. Masana omwewo anathira dizilo m'galimoto, kupukuta manja pa thalauza, n'kulowa m'tchire. Kamera yoyamba anaimanga pa damu, yachiwiri pafupi ndi mgolo umene umamwaza chimanga. Yachitatu anaimanga pa mtengo wa mesikite weniweniwo umene Mocho ankapalasa pansi pake ndi kukhulapo chipumi, ndipo anaimanga molingana ndi maso a mbawala kuti nkhope idzaoneke bwino. Kanthambi kamene tondeyo ankanyambita kankatchinga, ndiye anakapindira pambali ndi dzanja lake la dizilolo. Yachinayi inatsala m'katoni.

M'mawa mwake anali kale komweko kukatenga timakhadi tosunga zithunzi. Atatilowetsa mu kompyuta yakale ya Marisela, Mocho uyu, wayang'ana kamera tcheru, khosi lofufuma, nyanga zodzaza chithunzi chonse. Abundio anaitana mkazi wake kawiri, ndipo anasangalala mpaka misozi inalengeza. Tsiku lachiwiri chithunzi chinali mphuno yokhayokha, yakuda, yonyowa. Tsiku lachitatu kunaoneka mchira ndi miyendo yakumbuyo zikutuluka pakona. Kuyambira pamenepo kunali zii.

Zina zonse zinkabwera. Nguluwe zinkabwera ndi ana awo, nkhandwe, mbawala zazikazi, ng'ombe ya mnzake wina imene inalibe chifukwa chokhalira kumeneko, ndi timatonde tating'ono topanda nzeru timene tinkaima pa kamera ngati pa ukwati. Abundio anayamba kupita m'mawa ndi madzulo. Anasamutsa kamera ya pa damu kupita kukhwawa, n'kuibwezanso. Anasintha mabatire amene analibe vuto. Ankagwada pansi pa mesikite uja kufunafuna mapazi, ndudu ili pakamwa, ndipo pamalo popalasapo masamba anayamba kuunjikana popanda wowachotsa.

Munthu akasowa chinthu chake sachedwa kupeza wakuba, ndipo sayambira kutali. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, akubwerera chimanjamanja, Abundio anawerenga masiku pa zala ali pa chiwongolero. Milungu itatu kuchokera Lamulungu lija inkathera ndendende pa tsiku lotsegulira nyengo yosaka. Anaimitsa galimoto pakati pa njira. N'chifukwa chiyani munthu angafune kuti usaponde m'tchire lako lomwe mpaka tsiku limene mfuti ziyamba kulira? Anadzidzudzula yekha, n'kuliza galimoto. Koma ganizolo linali litakhala kale pampando wa pambali pake, ndipo linafika naye kunyumba.

Loweruka anapita ku tauni ya Lampazos kukagula mchere wa ng'ombe. Mwini sitolo, munthu amene pakamwa pake sipankatsekeka, anamufunsa ngati kwawoko mbawala zaswana kwambiri chaka chino.

"Bwanji?"

"Ndaonera Don Nicanor. Matumba asanu a chimanga kuwonjezera pa a masiku onse. Ndinati mwina akukonzekera adzukulu ake a ku Monterrey aja, ndamva agula mfuti zatsopano."

Abundio anangoti mwina, n'kunyamula mchere wake. Pobwerera sanakhotere kunyumba. Anatsata mpanda mpaka pa kachipata kaja, n'kutsika. Mamita makumi awiri kuchokera pachipata panali pamene madzi a mvula anakumba kunsi kwa waya, pamene mbawala zinkakwawira pochoka famu ina kulowa ina. Pamenepo anapeza zimene ankaopa kupeza, zimenenso mwina ankafuna kupeza. Njere za chimanga zinali mbuu m'fumbi, zotsala kwa nguluwe, zitandandalika mzere woonda kuchokera m'tchire la Nicanor, kudzera pa dzenjelo, mpaka mkati mwa tchire lake iye. Pafupi ndi waya panali phazi limodzi lalikulu, lozama, chiboda china chopindikira mkati pang'ono. Phazi limenelo akanalizindikira ngakhale kutulo, ndipo linali kutsidya.

Ndiye kuti mpaka walowa m'famu mwanga kudzamukoka, anaganiza motero. Mtima unamupweteka kwambiri kuposa mmene unapsera, ndipo zimenezo zinamukwiyitsanso.

Lamulungu Nicanor anabwera monga mwa masiku onse, chipewa m'manja, akudandaula za mphepo ya kumpoto imene inali itamulowa m'mawondo. Abundio anamuyang'ana nsapato, anamuyang'ana manja, anamuyang'ana mmene ankanyemera totiya, ngati kuti wakuba amanyema mwa mtundu wina.

"Zidole zikuti bwanji?" anafunsa Nicanor.

"Zikugwira ntchito."

"Mwapitako kangati?"

"Kawiri, mwina katatu."

Herlinda anatsokomola ali pa mbaula, chifuwa chimene analibe.

"Musade nkhawa, kompadre," anatero Nicanor. "Mocho ali bwinobwino."

"Mwamuona?"

"Ndaona mapazi."

"Mbali iti?"

Nicanor anatakasa khofi wake nthawi yaitali, khofi woti shuga anali atasungunuka kalekale. "Mbawala ilibe mapepala a malo, kompadre. Lero ili uku, mawa uko. Inu ingopumani pang'ono, mulisiye tchire lizizire."

"Adzukulu anu akubwera liti?"

"Pa Khirisimasi, ngati akazi awo awalola. Bwanji, mukufuna kuwabwereka zidole?"

Anaseka yekha. Atanyamuka, Abundio anamuperekeza ndi maso mpaka chipewa chinazimiririka m'mitengo.

"Waona mmene anazembera funso langa?" anatero.

"Ndaona mmene iwe unanamira pa lake," anayankha Herlinda. "Kawiri, mwina katatu. Mdala iwe, m'tchiremo mwatsala pang'ono kukhala msewu wa basi. Ine ndikanakhala mbawala ndikanasamuka kalekale, fungo la ndudu zakozo."

"Iwe za mbawala uzidziwira kuti?"

"Za mbawala sindidziwa. Ndimadziwa za munthu amene anagona pa benchi yachipatala masiku anayi iwe utathyoka mwendo. Ngati pali chimene chikukudya, mufunse maso ndi maso."

Koma kufunsa kunali kovuta. Ukafunsa kompadre wako ngati akukubera, ayankhe kuti ayi, watsala ndi chiyani? Mawu ake okha, ndi manyazi ako. Abundio ankafuna chinthu choti adzachiike patebulo pakati pa makapu, iye osanena kanthu. Lolemba m'mawa anatulutsa kamera yachinayi m'katoni.

Apa ndiye pamandipsetsa mtima ndikamaikumbuka nkhaniyi, chifukwa tsiku limenelo Abundio anagwira ntchito ngati mlenje weniweni. Galimoto anaisiya kutali n'kuyenda wapansi, mphepo ikumuomba kumaso. Ndudu anaisiya kunyumba. Anasamba m'manja ndi madzi okha, n'kufikisa kamera ndi masamba a m'tchire mpaka fungo la katoni linatha. Anakwera mumtengo waminga wa kuseri kwa chipata, n'kuimanga m'mwamba, yoweramira pansi, pamene diso la munthu silifika, kuti izitenga chipata ndi dzenje lija pamodzi. Potsika anafafaniza mapazi ake ndi nthambi. Ndipo anadziletsa, munthu wosadziwa kudikira uja, osapitako mpaka Lamulungu, kuopa kuti Nicanor angaone mapazi. Malangizo onse amene anawakanira pa mbawala anawatsata bwinobwino pa mnzake. Ngakhale makamera atatu aja anawaiwala sabata imeneyo, poti mtima wonse unali pa yachinayi.

Lamulungu linafika. Herlinda anaika makapu atatu. Nthawi ya khofi inakwana, inapitirira, matotiya anauma m'nsalu. Nicanor sanabwere, ndipo foni sanaimbe.

"Mwina mawondo aja," anatero Herlinda.

"Mwina chikumbumtima," anatero Abundio, akutenga chipewa.

Atafika pachipata anaima. Pamalo pa kawaya kaja panali tcheni chatsopano chozungulira kawiri, ndi loko wonyezimira wolendewera mbali ya Nicanor. Patsinde pa nsanamira, mbali yake iye, panali thumba la chimanga lofika theka, lomangidwa pakamwa. Thumbalo sanalimvetse, koma loko anamumvetsa, kapena anaganiza choncho. Munthu wopanda chobisa angakhome bwanji chipata chimene chakhala chosakhoma zaka makumi atatu? Anakwera mumtengo, minga zikumukala, n'kutulutsa kakhadi. Pobwerera ankamva kukoma kwa munthu amene zake zatsimikizika.

"Bwera udzaone kompadre wako," anauza mkazi wake akutsegula kompyuta.

Herlinda anabwera akupukuta manja, n'kuima kumbuyo kwake.

Chithunzi choyamba chinali cha Lachiwiri, dzuwa litangotuluka. Nicanor anali kutsidya, thumba paphewa, atavala majombo a mphira ndi magolovesi, akuthira chimanga pang'onopang'ono kulunjika ku dzenje.

"Ndi ameneyo," anatero Abundio.

"Pitiriza."

Chotsatira, Nicanor akutsegula chipata. Chotsatira, ali mbali ya Abundio, wawerama, msana ku kamera, akupitiriza mzere kuchokera pa dzenje kulowa m'tchire la Abundio. Kutsidya ankangowaza njere zowerengeka. Kuno ankathira mochuluka, ndipo mmene ankalowera mkati m'pamenenso dzanja linkaolowa. Patapita mphindi makumi awiri anabwerera, thumba litaphwa, akufafaniza mapazi ake ndi nthambi.

Mzere wa chimanga uli pansi suonetsa kumene ukulowera, ndipo Abundio anali atausankhira yekha mbali.

Lachitatu, Nicanor yemweyo, thumba lomwelo, akutsimphina pang'ono. Lachinayi m'bandakucha kunali Mocho, mutu ndi nyanga atazilowetsa kunsi kwa waya, thupi likadali kutsidya, khutu lodukalo lili chilili. Lachinayi madzulo anali atawoloka, akutola njere mbali ya Abundio, wonenepa, wodekha, osadziwa n'komwe kuti pamwamba pake pali diso. Kamera yomangidwa bwino sinamuopse.

Kenako Lachisanu. Nicanor walowa pachipata, wathira chimanga, ndipo akuweramuka wagwira m'chiuno kuwongola msana, nkhope kumwamba. Chithunzi chotsatira, maso ake ali mu kamera. Chinanso, akadali pomwepo. Zithunzi zisanu ndi zitatu, munthu ataima malo amodzi, ndipo pa chilichonse Abundio ankafunafuna mkwiyo pankhopeyo kuti mwina apezepo pogwira. Munalibe mkwiyo. Inali nkhope ya nkhalamba imene ikuyang'ana kumene kamera yaloza, n'kuyang'ana chipata, n'kuyang'ananso kamera. Pa chithunzi chachisanu ndi chinayi anali atavula chipewa, wachigwira pachifuwa kuti nkhope ioneke bwinobwino. Pa chakhumi ankamanga thumba pakamwa n'kulitsamiritsa ku nsanamira. Masana a tsiku lomwelo anabweranso ndi tcheni.

Loweruka Mocho anadutsa m'mawa kulowa kwa Abundio, ndipo sanaonekenso akubwerera. Chithunzi chomaliza chinali nkhope ya Abundio mwini wake, ya pafupi kwambiri, pakamwa pali pululu, dzanja likufikira kakhadi.

Herlinda sananene kuti ndinakuuza, ngakhale anali ndi ufulu wonena. Anatenthetsanso khofi, kumuthira m'fulasiki, kukulunga matotiya m'nsalu yoyera, n'kuziika pamaso pa mwamuna wake.

"Nyamuka," anatero.

Abundio akanatha kuzungulira ndi galimoto kudzera kumsewu waukulu n'kukagogoda pakhomo ngati mlendo, koma miyendo inamutengera kuchipata. Anayamba wakwera mumtengo n'kumasula kamera. Kenako anaima pa waya n'kuimba likhweru lawo lakale, limene ankaitanirana ng'ombe zikadumpha mpanda. Anaimba kachiwiri, kachitatu. Chifukwa cha manyazi, likhwerulo linkatuluka lophwanyika.

Panapita nthawi ndithu Nicanor asanatulukire pa hatchi yake yotuwa, akuyendera mpanda. Anaima chapatali pang'ono, osatsika.

"Kompadre," anatero Abundio, akukweza fulasiki. "Khofi wanu anazizira, ndiye Herlinda watenthetsanso."

"Mukandithokozere."

"Ndaona zithunzi."

"Zinatuluka bwino? Chipewa ndinavula dala, kuti musavutike kuzindikira."

Abundio anayang'ana pansi. "Ndinaimangira Mocho, kuti ndione ngati amadzera pano."

"Mocho satsegula chipata."

Mphepo inaomba, tcheni n'kugunda nsanamira. Bodza lina Abundio analibe.

"Bwanji simunandiuze kuti ali kwanu?"

"Ndikanakuuzani mukanabwera m'mawa ndi madzulo kudzaona ngati wadya. Akanathawanso kwanga, n'kukagwera kwa anthu a kumpoto aja amene amaombera chilichonse choyenda. Ndinati ndimubweze mwakachetechete, inu mudzangomupeza pa tsiku lotsegulira, tidzaseke." Nicanor anakonza chingwe cha hatchi m'manja. "Akugona m'khwawa, kuseri kwa damu lanu. Loweruka mudzakwere nsanja ya kum'mawa kusanache, ndudu mudzaisiye kunyumba. Chimanga chatsalacho ndi chimenecho, mumalize nokha."

"Ndalakwa, kompadre. Ndalakwa kwambiri."

"Ndamva."

"Ndiye Lamulungu?"

Nicanor anayang'ana mtengo waminga uja, pamene panali kamera, ngakhale anali ataona kuti kamerayo ili m'manja mwa Abundio. Anayang'ananso mtengo wina wa pambali pake, ndi winanso, mmodzimmodzi, m'mwamba.

"Khofi ndizimwera kwathu," anatero. "Tonde wanu ali kwanu, Don Abundio. Tsalani bwino."

Zaka makumi atatu, chibatizire Marisela, Nicanor sanamutchulepo dzina la ulemu wa kwa mlendo limenelo, ankangoti kompadre. Abundio anaima pa waya, fulasiki dzanja ili, kamera dzanja ili, mpaka hatchi inalowa m'mitengo. Kenako anaika fulasiki ndi matotiya kunsi kwa chipata, n'kuzikankhira kutsidya ndi phazi.

Loweruka anakwera nsanja ya kum'mawa, ndipo Mocho anatulukira m'khwawa dzuwa likutuluka, ndendende pamene Nicanor ananena. Abundio anamuloza ndi mfuti. Kenako anakumbukira kuti tonde wotere sanyamulika ndi munthu mmodzi, ndi kuti mfuti ikalira, amene nthawi zonse ankatulukira pachipata anali Nicanor, chingwe paphewa, akutukwana mwanthabwala. Anatsitsa mfuti, n'kuyang'ana mbawalayo mpaka inamwa madzi n'kubwerera m'tchire. Potsika anadzera kuchipata. Fulasiki inali pomwe anaikankhira, nsalu ya matotiya itang'ambidwa ndi nguluwe.